Chimbale Changa Chitalandira Foni

Ndivomere: makina oimbira zimbale aja ndinawagula chifukwa cha nkhwidzi basi. Alamu anga, amuna awo a achemwali, amalondera pafakitale ina ku Spartan, koma amayankhula ngati Joni yonseyi anamanga ndi iwo. Nditangotchula kuti ndaona makina apamwamba oimbira ma CD pashopu ina ku Brakpan, anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, zimenezo n'zachikale. Nyimbo masiku ano zili pafoni."

M'mawa mwake ndinakagula odula kuposa onse. Nditafika nawo kunyumba m'pomwe ndinakumbukira kuti chimbale ndili nacho chimodzi chokha, cha kwaya ya kumudzi, chokalikakalika. Makinawo anachilavula katatu konse.

Lamulungu alamuwo anatulukira, ati kudzaona chuma changa. Ine n'kuti nditalumikiza kale foni kumasipika n'kuibisa kuseri kwa makinawo. Ndinadina batani monyada, kwaya n'kuyamba kuimba.

"Mwamva kusiyana kwake?" ndinawafunsa. "Foni singatulutse mawu omveka bwino chonchi."

Anagwedeza mutu, maso ali pa kawaya kamene kankasuzumira kumbali. Kenako anatulutsa foni yawo n'kuyamba kudinadina. Kwaya inadukira pakati pa aleluya, ndipo masipika onse awiri anayamba kulira kaliridwe ka foni yanga.

"Yankhani, alamu," anatero, foni ili kukhutu. "Chimbale chanu chikuitana."

Mpaka lero sindinawakhululukire. Nambala yawo ndinaibuloka, ndipo pamakina paja ndimaikapo ketulo.