Makiyi a Depoti Yanga ya pa Bangula

Tsiku limenelo pa depoti yanga tinalipo anthu awa, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzanene kuti iye kunalibe. Ndinalipo ineyo, mwini wake. Analipo akazi anga, atakhala pa thumba la chitowe chifukwa mipando inaperewera. Analipo mlongo wanga wamasiye, amene anakwera minibasi m'mawa kuchokera kwathu kwa Lundu. Analipo mwana wake wamwamuna, bambo wapabanja, amene ndinamulipirira ndekha sukulu ya makompyuta ku Blantyre. Analipo mwana wanga woyamba, amene ndinamusiyira kuyendetsa bizinesi maso anga atayamba kuchita chifunga. Analipo mkamwini wanga wa pa sikelo, amene palibe anamuitana. Ndiponso analipo mayi wina wa ku Blantyre, wa kampani yoyang'anira makompyuta a anthu, wansapato zoyera, atanyamula botolo lake la madzi ngati kuno tilibe mjigo.

Nkhani inali imodzi basi: makompyuta a depoti aziwasunga ndani, mwana wa mlongo wanga kapena kampani ya mayiyo.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, kalembedwe kanga mukukaona nokha. Koma depoti imeneyo sinamangidwe ndi munthu wa digiri. Ndinayamba ndi bwato limodzi m'dambo, kupha milamba ndi makakana, kuwamba, kumanga pa njinga. Kenako ndinayamba kugula nsomba za anzanga, kenako mapira, nandolo, chitowe, mpaka ndinagula lole. Mawu anga ndi aakulu, sindikana. Ndinawakulitsira m'dambo momwemo, mmene ukanong'ona mnzako wa bwato lina samva kuti mvuu yatulukira kumbuyo kwake.

Makompyuta anabwera ndi mwana wanga. Anati ogula a ku Limbe safunanso kutsika kuno ndi chikwama, amafuna kuona mitengo pa foni, kuitanitsa pa foni, kulipira pa foni. Ndinavomera msanga, chifukwa munthu wake ndinali naye kale. Pa maliro a mlamu wanga ndinaimirira pamaso pa mudzi wonse n'kuuza mlongo wanga kuti, "Achemwali, pukutani misozi. Mwana uyu ndi wanga. Pamene ndidya ine adzadya pomwepo." Kwathu kwa Amang'anja mwana wa mlongo wako ndiye magazi ako enieni. Akazi anga ndi Asena, ndinawalowola ndi ng'ombe, choncho mwana wanga ndi wanga ndithu. Koma ng'ombe sizifafaniza mawu amene munthu walankhula pa manda.

Ndipo ntchito ankaigwira mwana wa mlongo wangayo. Fumbi likalowa m'makina, ankamasula n'kupukuta. Sola ikafooka, ankakwera padenga dzuwa lili paliwombo, malata akuwotcha mapazi. Netiweki ikagwa, ankadziwa chulu chimene imapezekapo. Chaka chimene Shire anasefukira mpaka kumsika, anasenza makompyuta pamutu, madzi ali m'chiuno, kukawasiya kutchalitchi kumtunda. Ndiuzeni kampani imene ingachite zimenezo.

Kompyuta imatseguka ndi mawu obisika amene iwo amati pasiwedi. Poyamba iye anaika zilembo ndi manambala zosakanikirana ngati nyemba ndi miyala. Ndinamuuza kuti, "Iwe, ndiziyamba kugogoda pakhomo panga pomwe? Ika chinthu chimene mwini wake angachikumbuke." Anayamba kuyankha, ndinamuyang'ana, anasiya. Anaika dzina la bwato langa loyamba. Dzina lomwelo ndinalilembetsa kale kutsogolo kwa lole, chifukwa ndi dzina lamwayi. Akazi anga atafuna pasiwediyo anawapatsa. Mkamwini atafuna anamupatsa. Mlembi wa kutchalitchi ankabwera kudzasindikiza ndondomeko ya mapemphero, ndipo pasiwediyo ndinkamuuza ndekha, ine ndili panja pa sikelo, iye ali mkati. Umo ndi mmene takhalira. Makiyi a depoti kuyambira kale amakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo wachibale sabisiridwa kanthu.

Ndiye kunabwera akuba osaoneka. Chitseko sanathyole, agalu sanauwe. Analowa m'kompyuta ali kwawo, kaya n'kuti, n'kutumiza mauthenga m'dzina langa kwa ogula anga onse kuti nambala yolipirira yasintha. Anthu anatumiza ndalama kwa akuba n'kumadikira nsomba kwa ine. Mayi wina amene ndagulitsana naye kuyambira ali mtsikana anandiimbira foni n'kunditchula wakuba. Ineyo! Ndalama zinapita, sindizilira. Dzina ndilo linandipweteka.

Ndicho chifukwa chake mwana wanga anaitanitsa msonkhano uja. Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu kumaso kwa depoti, mwezi wotentha umene ngakhale mbuzi zimagona pansi pa lole. Mayi wa kampani ndiye anayamba kulankhula.

"Bambo, ife tilipo ambiri," anatero. "Wina akadwala, wina alipo. Wina akapita ku maliro, wina alipo. Makompyuta anu timawaona tili ku ofesi, nthawi zonse. Zolemba zanu timazisunganso kwina, kuti ngakhale madzi atalowa muno zisatayike."

"Mumawaona muli ku Blantyre?" ndinafunsa. "Ndiye mukusiyana bwanji ndi akuba aja? Nawonso ankawaona ali kwawo."

Mkamwini anaseka mpaka akazi anga anamugunda ndi chigongono.

"Ife timasainirana nanu pangano, bambo."

"Pangano ndi pepala, mayi. Uyu akandibera, ndikwera minibasi, ndikakhala pakhonde pa amayi ake mpaka atuluke. Inu mukandibera ndikakhala pakhonde pa ndani? Kwanu ndi kuti? Manda a kwanu ali kuti? Mlatho ukaduka mudzatsika mapiri onse aja ndi nsapato zimenezo?"

"Mlatho ukaduka sitifika, zimenezo n'zoona," anayankha. "Zina timakonza tili komweko. Zina zimadikira."

Sanakwiye ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandinyansa. Koma ndinaona mlongo wanga akugwedeza mutu kuvomereza, ndinaona mkamwini akundiyang'ana ngati kale, ndipo mumtima ndinati mlandu watha, mayiyu abwerere akamwe madzi ake kwawo.

Pamenepo mwana wanga anaimirira. Sanayang'ane ine, anayang'ana mwana wa mlongo wanga. Awiriwa ndi asuweni, anakulira limodzi, amatukwanana ngati chakudya.

"Msuweni," anatero, "ntchito umaidziwa, palibe akukana. Mwina umaposa ena a ku ofesi kwa mayiwa. Ndikufunsa chimodzi chokha, uyankhe onse akumva. Tikakusiyira ntchitoyi, mawa uika pasiwedi yatsopano, yovuta. Mkuja ababa abwera, akuti, 'Ndipatse.' Uwakaniza?"

Mnzakeyo anaseka. "Asuweni, mwalowa liti upolisi? Paja ndinkakuberekani powoloka madzi inu mukulira amayi."

"Lero sindikuseka. Uwakaniza kapena ayi?"

Kuseka kuja kunauma. Anandiyang'ana ine, anayang'ana amayi ake, kenako anayang'ana pansi pamene nyerere zinkakoka njere ya mapira.

"Yankha, mwanawe," anatero mlongo wanga. "Anthu akudikira."

"Amalume sindingawakanize," anayankha motsitsa mawu. "Anandilera. Ndingayese kuwafotokozera, koma akanena kachiwiri ndiwapatsa."

Ine ndinalumpha pa mpando. "Mwamva? Mwamva nonse? Ameneyo ndiye mwana woleredwa! Mayi, pitani mukawauze ku Blantyre kuti ku Chigwa kukadali ana odziwa akulu!" Ndinaomba m'manja mwamphamvu. Ndinaomba nthawi ndithu ndisanazindikire kuti ndikuomba ndekha. Akazi anga ankayang'ana zala zawo za kumapazi. Mwana wa mlongo wanga nkhope yake inali ya munthu amene wangomva uthenga wa maliro. Iye anadziwa kale, pamene ine ndinali ndisanadziwe.

Mwana wanga anatembenukira kwa mlendo uja. "Nanga inu, mayi? Ababa akabwera kudzapempha?"

"Tiwakaniza mwaulemu. Aliyense akhala ndi pasiwedi yakeyake, yotsegula zokhazo zimene iye amagwira. Yaikulu sitiuza munthu pakamwa."

"Ngakhale ine?" ndinafunsa.

"Ngakhale inu, bambo."

"Depoti ndi yanga!" Ndinakuwa moti a kabaza kumsewu anatembenuka onse. "Njerwa iliyonse apa ndi mlamba umene ndinautulutsa m'madzi ndi manja awa! Mlendo andikanize pakhomo panga?"

Ndinayang'ana akazi anga kuti andithandize. "Akazi anga, mukumva zimenezi? Mukuvomereza kuti mwana wa mlongo wanga akhale, si choncho?"

"Nkhabe," anayankha m'Chisena chawo, ndiye kuti ayi. "Ine ndatopa kulozedwa zala kumsika. Inu mukakwiya mumakuwa, zimatha. Ine amayi anzanga amasiya kulankhula ndikafika."

Mkamwini naye anapeza pakamwa. "Apongozi, musandimve molakwa, koma dzina la bwato lija ngakhale a kabaza awo amalidziwa."

"Iwe yang'ana sikelo yako!" ndinamukalipira. Koma zinali zitatha. Mapepala a ku banki ali m'dzina la mwana wanga kuyambira pamene ndinamusiyira mpando, ndipo cholembera chinali m'thumba mwake kale. Anasaina pangano la kampani atatsamiritsa pepalalo pa bondo.

Kenako anauza msuweni wake kuti asachoke, azipukutabe makina, azikwera padenga, chikawonongeka aziimbira a kampani, malipiro akhala omwewo. Makiyi a makompyuta okha ndiwo sakhala nawo. Mnzakeyo anathokoza bwinobwino, nati, "Asuweni, mawaya onse muno ndinalumikiza ndekha. Ndizidikira foni kuti andiuze poti ndigwire? Pepani." Analowa mkati, anatenga kachikwama kake ka zipangizo, anadzagwada pamaso panga kutsanzika. Munthu amene ndimamveka tsidya lina la Shire, mawu anandithawa.

Mlongo wanga anaimirira, anamanga chitenje chake bwinobwino, osafulumira. Akazi anga anati chakudya chapsa, adye kaye. Anapukusa mutu. Anafika pafupi nane, nati, "Achimwene, pa manda paja munalankhula mokweza kwambiri." Anatsata mwana wake kumsewu, osacheuka.

Lero mwanayo ali pa Nchalo, amakonza mafoni pa kabenchi pansi pa ambulera. Akandiona amavula chipewa, amandifunsa za miyendo yanga, ndipo ulemu umenewo umandibaya kuposa chitukwano. Mlongo wanga pakhomo panga sanapondenso. Tikakumana pa maliro amandipatsa moni wa mlendo.

Akuba sanabwerenso, sindinama. Ogula anabwerera, ngakhale mayi anandinena wakuba uja. Koma makina akafa chifukwa cha fumbi timakhala masiku tikuyang'ana kumsewu kudikira galimoto ya ku Blantyre, nsomba zili m'madengu. Padenga amakwera mkamwini, amene amaopa ngakhale makwerero. Ine anandipatsa kapasiwedi kanga, kotsegula mitengo ya tsikulo basi, ngati mwana amene wapatsidwa supuni kuti asalire. Tsiku lina ndinakaiwala, ndinaimba foni ku kampani. Anayankha mtsikana wa mawu okoma, nati nditsimikize kuti ndine ineyo, ndinene tsiku langa lobadwa. Tsiku langa lobadwa! Amayi ankangoti ndinabadwa mapira akucha. Limene lili pa chiphaso analemba ndi kalaliki, atandiyang'ana imvi. Ndinamuuza mtsikanayo kuti atsike pa Bangula afunse aliyense, ngakhale wamisala wa kumsika, kuti mwini depoti ndani. Anati, "Pepani bambo, auzeni ana anu atiimbire."

Zonsezo ndimazimeza. Chimene sichitsika ndi zimene zinachitika madzulo a tsiku la msonkhano lija, dzuwa lisanalowe. Galimoto ya mayi uja itapita, ndinamutsata mwana wanga kuseri kwa depoti kumene ankakweza madengu a milamba pa lole. Dzina la bwato langa linali pomwepo kutsogolo, utoto wake wofiira.

"Iwe," ndinatero, "wamutchera msampha m'bale wako. Akanati andikaniza, akanakhala mwana wamwano pamaso pa amayi ake. Iye wanena zaulemu, iwe wamuchotsa. Wandisandutsa wabodza kwa mlongo wanga chifukwa cha mayi amene sudziwa n'kwawo komwe. Akuba a m'kompyuta msuweni wako sakanatha kuwatsekera?"

Anatsitsa dengu pansi, anapukuta manja pa buluku. Sanakweze mawu, sakweza mawu ameneyo, sindidziwa anatengera ndani.

"Ababa, msuweni wanga alibe mlandu, ndipo ndikudziwa kuti ndamulakwira. Akuba angawatsekere bwinobwino. Amene sangamutsekere ndi inuyo. Iye sangakukanizeni, amayi atopa, ine ndemwe ndikaona nkhope yanu ndimalephera. Ndiye ndalemba ntchito anthu achilendo kuti azikukanizani."