Botolo la mapiritsi a Mayi Wanenandani

Ambiri m'parishi muno sitinkadziwa dzina lawo la ubatizo. Tinkangoti Mayi Wanenandani, dzina limene anawapatsa atolankhani anzawo chifukwa ukabwera ndi nkhani, kaya ya mliri kaya ya ukwati wa mwana wa katekisiti, iwo ankayamba akufunsa kuti wanena ndani. Mwezi uno takumbukira tsiku limene anatisiya, ndipo n'koyenera kuti achinyamata amve za moyo wawo.

Anabadwa m'banja la ana ambiri, m'nyumba yazipinda ziwiri kuseri kwa malo osindikizira mabuku kumene bambo awo ankagwira ntchito. Kuwerenga anaphunzirira pa mapepala olakwika amene bambowo ankabwera nawo kuti aziyatsira moto. Mayi awo ankachapa nsalu za paguwa, ndipo kamtsikanako kankazinyamula Loweruka lililonse, kakuwerenga zikwangwani za m'njira mpaka kuchedwa nazo.

Atakula analowa ntchito ku nyuzipepala, masiku aja ofesi inkanunkha inki ndi fodya, makina otaipira ali khekhekhe ngati matalala padenga. Anapatsidwa tsamba la zaumoyo limene aliyense ankalithawa. Anzawo akalandira chidule cha kafukufuku ankangokopera n'kupita kokamwa tiyi. Iwo ankakwera basi mpaka ku laibulale ya yunivesite, n'kuwerenga lipoti lonse, kenako kuimbira foni ofufuzawo kuwafunsa kuti anayesa pa anthu angati komanso analipira kafukufukuyo ndani. Ankati kulemba zaumoyo n'chimodzimodzi kugawa mankhwala, ukalakwitsa mlingo wina amakagona kumanda.

Khalidweli linawapweteketsa. Tsiku lina mkonzi anafuna mutu wa nkhani wonena kuti masamba a mtengo wina akuchiza khansa. Iwo anamuuza mwaulemu kuti zimenezo anayesa pa mbewa zokha, ndipo sangaikepo dzina lawo. Mkonziyo anapsa mtima, nawasamutsira ku tsamba la mauthenga a maliro. Sanadandaule. Ankangoseka n'kumati kumeneko ndiye kwabwino, chifukwa womwalira sabwera kudzatsutsa. Patapita zaka akuluakulu a nyuzipepalayo anawabwezera okha ku tsamba la zaumoyo, atatopa ndi kupepesa kwa owerenga.

Amuna awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, asanamalize sukulu. Anamulera okha, osaphonya Misa ya m'mawa. Atapuma pantchito ankaphunzitsa atolankhani achinyamata kawerengedwe ka malipoti a ofufuza pakhonde pawo, ndipo madzulo ankayendera odwala a m'parishi, korona m'thumba, magalasi pamphuno. Ankawawerengera timapepala ta m'mabokosi a mankhwala tija tolembedwa ting'onoting'ono, kenako n'kupemphera nawo.

Ukalamba utafika, mtima wawo unayamba kufooka. Miyendo inkatupa, ndipo masitepe a tchalitchi ankawakwera mopumira. Dokotala anawauza kuti pachipatalapo pali kafukufuku wa mankhwala atsopano. Odwala onse apitiriza kumwa mankhwala awo akale, koma powonjezera, theka lipatsidwa atsopanowo, theka lina mapiritsi ofanana nawo koma opanda kanthu m'kati. Amasankha ndi makina mwamaere, ndipo wodwala ngakhale dokotala sadziwa. Iwo anasaina osazengereza, poti moyo wawo wonse ankadya thukuta la odwala ena amene anavomera zoterezi.

Mwana wawo uja, amene tsopano anali mphunzitsi, sanagone nazo. Ankaona mayi ake akumeza piritsi m'mawa uliwonse, iye mtima uli m'mwamba kuti mwina akumeza ufa chabe. Ndiye mwamwayi, kapena mwatsoka, amene ankaika mapiritsi m'mabotolo kuchipatalako anali mwana wa mphwawo wa malemu bambo ake a mphunzitsiyo, mnyamata amene amayiwa anamugwirira pa ubatizo. Mphunzitsiyo anapita kwa iye mwamseri, nalira pamaso pake mpaka mnyamatayo anagwira njakata n'kuvomera kuti aona chochita. Madzulo ake anafotokozera mayi ake mokondwa, akuwasisita mapazi otupawo, kuti botolo la mwezi wamawa lidzakhala la mankhwala enieni.

Amayiwo anafunsa motsitsa mawu.

"Ukandiika ine kumankhwala enieniwo, mwana wanga, wachotsako mayi wa ndani?"

Mphunzitsiyo anayankha kuti za mayi wa ena sakuzidziwa, iye ali ndi mayi mmodzi.

"Ndikudziwa," anatero amayiwo. "Koma mukasokoneza mabotolo, ofufuza adzalemba zabodza osadziwa, mtolankhani adzakopera, boma lidzagula mankhwala potsatira bodzalo. Ine ndinakana kulemba bodza ndi dzanja, ndikalilembe ndi thupi?"

M'mawa mwake anaimbira mnyamata uja foni, namuuza kuti asakhudze botolo lililonse ndiponso asawatsine khutu ngakhale pang'ono. Mnyamatayo akuti anapumira m'mwamba ngati wamutula katundu. Koma mphunzitsiyo anatha masiku akungowapatsira chakudya osalankhula nawo, ndipo amayiwo anapirira zimenezonso.

Anamwa mapiritsi awo mokhulupirika kupitirira chaka, akumauza anamwino chilichonse chimene akumva m'thupi, osawonjezera osachotsera. Mphamvu zinkatha pang'onopang'ono. Lamulungu lina masana, atalandira sakramenti la odwala, anapempha kuti awatsegulire zenera amve ana a kwaya akuphunzira nyimbo. Mwana wawo anawagwira dzanja, ndipo nyimbo isanathe anali atagona tulo tawo, nkhope ili phee.

Kafukufuku atatha, zinapezeka kuti mankhwala aja amathandizadi, ndipo mabanja anauzidwa gulu limene odwala awo anali. Mayi Wanenandani ankamwa mapiritsi opanda kanthu. Nkhani ya zotsatirazo analemba ndi mtsikana wina amene anaphunzira pakhonde paja, ndipo pasanapite nthawi boma linayamba kupereka mankhwalawo m'zipatala zake.

Mphunzitsi uja sabisa mawu. Ananena yekha pamsonkhano wa amayi a parishi kuti mpaka lero mtima umamuwawa, ndipo masiku ena amawakwiyirabe mayi ake. Koma kumayambiriro kwa mwezi uliwonse mudzamupeza pabenchi ya kuchipatala atakhala ndi agogo ena a m'parishi muno, a miyendo yotupa, amene alibe wowaperekeza. Amawatengera botolo lawo la mankhwala atsopano aja pawindo, n'kuwakweza basi. Agogowo tsopano masitepe a tchalitchi amakwera osapumira.

Ambuye amene anawatumikira m'choonadi awalandire m'kuwala kwake, ndipo atonthoze mwana wawo.