Chigubu Chawoloka Mlatho

A Orval Tackett akhala akujambula mizere yoyera pabwalo la mpira wachimereka la Koleji ya Tolliver, ku Nebraska kuno, kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Mpirawo anausewera chaka chimodzi chokha, bondo n'kuwakana. Makochi abwera n'kupita, ena sitikumbukanso mayina awo, koma a Orval ndiye chitsa cha pamalopo.

M'shedi mwawo, pakati pa zitini za penti, munkakhala chigubu cha mkaka chachitsulo, chophwanyikaphwanyika. Novembala aliyense Tolliver inkakumana ndi Koleji ya Brandt ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo wopambana ankasunga chigubucho mpaka chaka chinacho. Zigoli ankazilemba ndi msomali pachitsulopo, wolemba wake n'kukhala wosamalira bwalo, osati wina aliyense.

Ndiye kunabwera mkulu wa zamasewero watsopano, a Kendrick Voss, munthu wa nsapato zosadziwa matope. Anati Tolliver ituluke mu ligi ya timakoleji takumudzi, ilowe ina yaikulu yooneka pa kanema. Mu ligi imeneyo Brandt mulibe, choncho masewero a chigubu anali oti atha basi. A Orval zinawapweteka, ndipo si munthu wofera m'kati. Pamsonkhano anaimirira chipewa chili kumutu.

"Ana athuwa azikathyoledwa nthiti ndi zimphona za ku Texas kuti inu muoneke pa kanema? Walira mvula walira matope, bwana."

Anthu anawaombera m'manja, akuluakulu n'kuvota monga anapanganira kale.

Masewero omaliza ndi Brandt, Tolliver inapambana 24 kwa 17. A Orval analemba zigolizo pachigubu. Lolemba lake a Voss anatulukira kushedi.

"Madala, chigubuchi tsopano ndi chathu mpaka kalekale. Tachigulira kabati yagalasi. Muchipukute dzimbirilo, mubwere nacho kuofesi."

"Chathu mpaka kalekale? Chinthu choti mnzako wam'kaniza mpata wochitenganso n'chakuba chimenecho, bwana."

"Lachisanu chikhale chili m'kabati. Apo ayi, mubweze makiyi."

Lachinayi m'mawa a Orval anakweza chigubu m'galimoto yawo, n'kuchimanga lamba pampando ngati munthu, n'kuwoloka mlatho. Ku Brandt anapeza mayi Nadine Kuhlman, osamalira bwalo la kumeneko, akutchetcha udzu. Awiriwa akhala akunyozana zaka makumi awiri, ndipo palibe watopa.

"Iwe nkhalamba, wasochera?" anakuwa mayi Nadine. "Kapena wadzaphunzira kujambula mzere wowongoka?"

"Kwa iwe? Mizere yako imakhala ngati yajambula nkhuku yoledzera. Tenga katundu wako uyu."

Mayi Nadine anazimitsa makina otchetchera ataona chigubu. "Orval, tinaluza ife. Kuno sitilandira zachifundo."

"Chifundo cha chiyani? Tathawa bwalo ndife, ndipo wothawa ndiye waluza. Uchisunge bwino. Akachifuna, abwere ndi anyamata khumi ndi mmodzi adzachimenyere."

"Akuchotsa ntchito, ukudziwa?"

"Andichotse. Tandigwirira mbali inayo, n'cholemera ichi."

Anachinyamula awiri mpaka m'shedi ya Brandt.

Lachisanu a Orval analowa mu ofesi osagogoda. Kabati inali itafika, yonyezimira, yopanda kanthu. Anaika makiyi patebulo n'kunena okha kumene chigubu chili, asanafunsidwe.

"Mwapenga kodi?" anatero a Voss. "Zaka zonsezi mwazitaya chifukwa cha chitini chadzimbiri?"

"Ee, ndazitaya, ndipo ndingachitenso mawa. Mlatho ndi womwewo, bwana. Kapempheni masewero."

Anatuluka mutu uli m'mwamba, koma pakhomo anaima, n'kutembenukira kwa mlembi wa mu ofesiyo.

"Mwanawe, amene abwere m'malo mwangayo udzamuuze kuti kumpoto kwa bwalo kumadikha madzi. Asamajambule udzu usanaume, penti sigwira."