Kwaya ya Munthu Mmodzi

Folo koloko m'mawa amakhala atadzuka kale. Kukatunga madzi pampopi mzere usanatalike, kusesa kachipinda kake, kuchapa yunifolomu ya dzulo, kumwa tiyi chiimirire, kenako ulendo wapansi wa ola lathunthu kupita kuntchito. Ntchito yake inali yosita zovala za eni pashopu yochapira: masuti, makatani a m'mahotela, madiresi a ukwati. Seveni mpaka thwelofu ali pa simbi. Thwelofu mpaka wani, liwiro la kusitudiyo. Wani mpaka faifi, pa simbi kachiwiri. Akafika kunyumba n'kuphika kamphika ka munthu mmodzi, kutsuka mbale imodzi, kugona.

Pa ntchito zonsezi panalibe yosambitsa mwana. Amayi anzanga, ife timadandaula kuti ana amatitopetsa, koma funsani amene analandidwa ntchito imeneyi akuuzeni mmene manja opanda kanthu amalemerera.

Mwana anali naye, wamkazi. Anam'bereka akanali mtsikana, sukulu n'kuthera pomwepo, bambo wa mwanayo n'kulowera kwake. Ankapita naye kuntchito atam'bereka kumbuyo, mpaka tsiku lina mwanayo, atangoyamba kuyenda, anakoka chingwe cha simbi. Simbi yamoto inagwera pafupi ndi kaphazi kake, mwamwayi osam'khudza. Mwini shopu sanachulutse gaga m'diwa.

"Mawa ubwere wekha. Apo ayi, usabwerenso."

Mkulu wake, amene anakwatiwa kutauni ina, ulendo wa maola awiri pa basi, ndiye anadzam'tenga mwanayo. Anati ndi za miyezi ingapo chabe, mpaka mng'ono wake apeze poima. Miyezi inasanduka zaka. Mwana anakula akuitana mayi ake aakuluwo kuti Amayi, om'berekawo n'kumawati Anti. Sikuti anam'bisira chilungamo ayi, anauzidwa zonse. Koma pakamwa pa mwana pamatsata amene amam'pukuta mamina.

Za kusitudiyo zinayamba chonchi. Wojambula nyimbo wina anabwera pashopupo kudzatenga jekete lake, n'kumva munthu akuyimba kuseri kwa makatani oyanika. Wailesi ikuyimba, iye akuikira mawu apamwamba. Vesi yotsatira watsikira pa alito. Yachitatu ali pa tenala, osaphonya ngakhale pamodzi.

"Kuseriko mulipo angati?"

"Ndili ndekha, bwana. Jekete lanu ndi ili. Batani limodzi linkagwa, ndasokerera."

Situdiyo yake inali kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala, makoma omata matireyi a mazira, fani yozimitsa nthawi yojambula ngakhale kutenthe bwanji. Kuitana kwaya yeniyeni ndi chintchito: uyu wachedwa, uyu ali ndi chimfine, uyu wakwiya chifukwa sanam'patse solo. Ndiye wojambula uja anapeza njira yachidule. Ankamuyimbitsa sopulano kanayi, alito kanayi, tenala kanayi. Pena ayandikire maiki, pena aime chakukhomo, pena ayimbe monjenjemera ngati mayi wachikulire, pena mopyapyala ngati kamtsikana, kuti mawu asafanane. Akaziphatikiza pakompyuta, khutu linkamva anthu khumi ndi awiri. Anyamata apasitudiyopo anangom'tcha Kwaya, dzina n'kukanirira.

Anayimbira anthu ambiri, koma nyimbo imene inawanda ndi ya woyimba wotchuka amene onse ankangomuti Bigi. Inkamveka m'minibasi, m'mabala, m'masaluni, paliponse. Pachikuto cha CD analemba dzina la Bigi, pansi pake dzina la kwaya limene wojambula uja anangolipeka akudya mtedza. Dzina la mayi wathuyu silinalembedwe paliponse.

Lamlungu lina anapita kukaona mwana, yemwe tsopano anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anam'peza pakhonde akupukuta nsapato za kusukulu, wailesi ili pawindo. Nyimbo ya Bigi itayamba, mwana anasiya bulashi n'kuyamba kuyimba nawo kolasi, maso atatsinzina. Kwaya anakhala pambali pake n'kuikira alito chapansipansi.

"Anti, khalani chete kaye, mukuwononga. Imeneyi simuidziwa."

"Ndine ndikuyimba mmenemo, mwanawe."

Mwana anaseka mpaka kugwetsa nsapato. "Anti bodza! Awo ndi anthu ambiri. Inu mumasita."

Mkulu wake, ali pazenera, anangoti, "Musiye, ndi mwana." Kwaya anaseka nawo. Analira ali m'basi, nkhope ataloza kuwindo.

Kuyambira tsiku limenelo ankafuna chinthu chimodzi chokha pa dziko lapansi. Osati galimoto, osati kutchuka. Ankafuna mwana uja akhulupirire kuti mawu amene amawakondawo ndi a mayi ake.

Chakumapeto kwa chaka kunabwera uthenga woti nyimbo ija yasankhidwa kupikisana nawo pa mwambo wa chaka ndi chaka wopereka mphoto kwa oyimba, m'gawo la nyimbo yoyimbidwa ndi gulu. Okonza mwambo anapemphanso kuti Bigi adzayimbe pasiteji limodzi ndi kwaya yakeyo. Wojambula uja thukuta linali kamukamu. Kwaya iti? Koma Kwaya yekha anasangalala. Mwambowo umaonetsedwa pa TV. Anati basi, nthawi yakwana.

Patapita masiku atatu wojambula anafika pashopu ndi chikwama chachikulu. Munali mikanjo khumi ndi iwiri yofiirira.

"Usite bwino, sisi. Tapeza anthu oti adzavale. Azidzangoyendetsa milomo."

"Nanga ine?"

"Iwe udzaima kuseri kwa katani ndi maiki, kuti pasamveke ngati CD yokhayokha. Ukumvetsa eti? Tikaulula pano atichotsa pampikisano, tonse tichita manyazi."

Anasita mikanjo yonse, umodziumodzi, kolala ndi manja omwe. Tsiku la mwambo anaima kuseri kwa katani, pakati pa zingwe za magetsi ndi mipando yothyoka. Anayimba ndi mtima wonse akuona misana ya anthu khumi ndi awiri osawadziwa ikuwezuka uku ndi uku. Nyimbo inapambana. Bigi anakweza chikho m'mwamba, a mikanjo aja n'kumakumbatirana ngati anavutikira limodzi. Mmodzi analira ndi misozi yeniyeni.

M'mawa mwake foni inalira. Anali mwana, pa foni ya mayi ake aakulu.

"Anti, munaonera? Ndinawawerenga, alipo thwelofu! Inu munalibepo. Ndinakuuzani ine."

Apa ndi pamene ambiri a ife tikanasiyira. Iye Lolemba lake anapita kusitudiyo pa nthawi yake, koma mahedifoni sanavale.

"Kuyambira lero, nyimbo iliyonse imene ndiyimbemo, mulembepo dzina langa."

Wojambula anaseka. "Dzina lako akulidziwa ndani? Anthu amafuna Bigi. Sisi, usaiwale kumene ndinakutola."

"Munanditola pa simbi, ndipo simbiyo ikanalipo."

Anatuluka. Miyezi isanu ndi itatu palibe situdiyo imene inamuitana, poti mbiri inali itayenda yoti Kwaya wayamba matama. Nthawi ya nkhomaliro ankangokhala pa chidebe kuseri kwa shopu, buledi ali m'manja. Koma sanakhale chabe. Kumbuyo kwa timapepala tolembapo zovala za makasitomala analemba nyimbo yakeyake, yoyamba m'moyo wake. Inali nyimbo yogoneka mwana, koma yoyimbira mwana amene anakula kale mayi wake asanam'goneke.

Pakati pa makasitomala panali mayi wina amene ankajambula zolengeza malonda za pawailesi, ali ndi kasitudiyo kunyumba kwake. Kwaya anam'lankhula mosapita m'mbali.

"Mayi, ine ndizikusitirani zovala za banja lonse Loweruka lililonse. Inu muzindipatsa maiki mphindi makumi atatu masana."

"Ana anga ndi anayi, onse anyamata, amasintha ngati ali pa fashoni. Ulimba?"

"Ndinasitapo kwaya yathunthu."

Anajambula pang'onopang'ono, lero mzere umodzi, mawa mzere wina, pena tsiku lonse kupita pachabe chifukwa magetsi azima. Nyimbo inatha patapita miyezi inayi. Kumawailesi anakumana ndi funso lomwelomwelo: nyimboyi ndi yabwino, koma kwaya yakeyi ndi ya kuti? Akati ndine ndekha, ankamuyang'ana kuyambira kunsapato. Anabwezedwa kasanu. Mayi wa situdiyo uja ndiye anaganiza zomujambula pa foni akuyimba mawu aliwonse paokha, n'kulumikiza zithunzizo kuti aoneke munthu mmodzi yemweyo, mu yunifolomu yake ya kuntchito, akudziyankha yekha. Kanemayo anayenda m'mafoni a anthu kuposa mmene iwo ankaganizira. Mawailesi aja anayamba kumufuna okha.

Mwana naye anamuona kanemayo. Anangoti, "Za pakompyuta izi, mnzanga wanena kuti amatha kupanga." Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo anali ataonapo kale ndi maso ake anthu khumi ndi awiri.

Chaka chimenecho dzina la Kwaya, lenileni la makolo ake, linatuluka pamndandanda wa opikisana m'gawo la woyimba watsopano. Opikisana anali asanu. Iye anapita yekha ku ofesi ya okonza mwambo kukapempha kuti adzayimbe pasiteji. Anamuuza kuti pulogalamu yadzaza. Anabwereranso mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka anam'patsa mphindi zinayi kuti asiye kuwatopetsa.

Mayi wa situdiyo anam'bwerekera kamakina koponda ndi phazi, kamene kamagwira mawu n'kumawabwereza uku woyimba akuwonjezera ena pamwamba. Oyimba ambiri kamawavuta, amaponda mochedwa. Iye kanam'tengera sabata imodzi yokha. Makina ositira makatani a kuntchito kwake nawonso ndi oponda, ndipo ukachedwa kuchotsa phazi nsalu ya mwini imapsa.

Wopikisana aliyense ankalandira matikiti awiri. Anawatumiza kwa mkulu wake.

"Mkulu wanga, sindinakupempheni kanthu chiyambire. Mubwere naye."

Tsikulo anatulukira pasiteji yekhayekha, opanda bandi, opanda mkanjo. Anthu ankacheza zawo. Anayimba mzere woyamba pa sopulano, n'kuponda. Mawuwo anabwerera okha, iye n'kuikapo alito, n'kuponda. Kenako tenala. Kenako anabwerera m'mbuyo masitepe awiri n'kuyimba ngati mayi wachikulire. Kenako ngati kamtsikana. Phokoso la muholo linazilala. Pofika mphindi yachitatu munali kwaya yathunthu, koma pasiteji pali munthu mmodzi wa zipsera za simbi m'manja. Ambiri anawazindikira mawuwo. Mitu inatembenukira kumene anakhala Bigi. Bigiyo anayang'ana pansi kanthawi, kenako anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja, holo yonse n'kutsatira.

Chikho sanalandire. Chinapita kwa mnyamata wina wa gitala, ndipo kunena zoona nayenso amayimba bwino. Kwaya anawomba m'manja ngati wina aliyense.

Anawapeza pakhomo lotulukira, mkulu wake atagwira mwana padzanja. Mwanayo sanam'thamangire. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kukhosi makamaka.

"Kuseri kwa katani kunalibe anthu?"

"Kunalibe."

"Ndiye nyimbo ya Bigi ija munalidi inu? Onse thwelofu?"

"Onse."

Mwana anakwinya nkhope. "Ndiye anthu aja anatenga chikho chanu." Anapotokola lamba wa diresi. "Nanga mwana wa m'nyimbo yaleroyi ndani?"

Anayankha ndi mkulu wake, akupukuta m'maso.

"Ndiwe, chitsiru iwe. Pita kwa amako."

Mwana anasiya dzanja limene analigwira zaka zonsezo, n'kugwira linalo.

"Tikatsekera sukulu ndibwere kwanu? Mundiphunzitse mawu apansi aja."

Lero Kwaya anasiya kusita za eni. Masitudiyo amene ankamukana amachita kumusungitsa tsiku, ndipo dzina lake limalembedwa asanatsegule pakamwa. Anasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mwana anabwera pa holide, holide inanso, kenako anasamukiratu.

Koma ndisakunamizeni kuti zinabwera zaulere, chifukwa nkhani zotere anthu amakonda kuzinena ngati maloto. Zinadya zaka zisanu ndi ziwiri. Dzino loyamba la mwana linaguluka iye kulibe. Tsiku loyamba la sukulu anam'perekeza ndi wina. Atadwala chikuku, anam'gonera m'chipatala ndi wina. Nkhomaliro za zaka zinayi anazidya akuthamanga, mpaka lero m'mimba mumamuvuta. Mkulu wake naye analipira, chifukwa analera mwana n'kum'bweza, ndipo kuchipinda kumene ankagona mwanayo sakonda kulowako. Mawu oti Amayi amatuluka masiku ena, masiku ena mwana akaiwala amati Anti, ndipo iye amayankha onse awiri.

Zaka zimenezo sizidzabwerera, ngakhale atalandira zikho khumi. Koma akanagonja tsiku lija la mikanjo, akanataya zakazo, mwana n'kumutayanso. Ndiye iwe mnzanga amene ukugwira ntchito yoyamikiridwa ena, amene mwana wako akukulira m'manja mwa abale, lira ngati kuli kulira, koma mawa udzuke upite. Pempha kuti dzina lako lilembedwe. Akakana, gogoda khomo lina. Mtima wokhawo usautaye, mwanayo akukudikira.