Tambala Wogulira Mpando wa M'ndege

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinagula mpando wa m'ndege ndi tambala. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinkadziyesa katswiri wa malonda chifukwa ndinkagulitsa nanazi pamsewu wa ku Boma popanda wondipusitsa.

Tinkakhala m'malayini a pa esiteti ya tiyi, m'munsi mwa phiri. Bambo anga anadzitema mwendo ndi mpeni wodulira tiyi, bala lija n'kuyamba kununkha. A dokotala anauza mayi kuti akachedwa kupita nawo ku chipatala chachikulu ku Blantyre, mwendowo udulidwa. Mayi anamanga miyendo tambala wathu wofiira kuti kukacha akamugulitse, apeze ya minibasi.

Kuseri kwa fakitale kunali kabwalo ka udzu wotchetchedwa bwino, pomwe pankatera kandege kachikasu kowaza feteleza m'minda. Kakamaliza ntchito kankabwerera ku Chileka, ku bwalo la ndege la ku Blantyre. Mlonda wa pamenepo anali a Mukhito, bambo wa mano ofiira ndi fodya. Ndinawafunsa ngati ku Chileka n'kutali.

"Pa minibasi umera ndevu uli panjira," anatero. "Koma pa aka? Ukathira tiyi m'kapu kuno, ukamwera komweko asanazizire."

Anyamata osenza matumba a feteleza anasiya ntchito n'kudzamvera. Ndinafotokoza za bambo. A Mukhito anawatsinzinira diso anzawowo, ine n'kumati mwina mwalowa fumbi.

"Mpando wa wodwala ndi mbuzi, mwanawe."

"Mbuzi, amalume? Ulendo woti ngakhale tiyi sazizira?"

Ndinachita zomwe ndinkaona pamsika. Ndinanyoza katunduyo, ndinati kandegeko n'kokalamba komanso konunkha mankhwala, kenako ndinatembenuka ngati ndikupita. Anandiitana. Tinatsika kuchoka pa mbuzi kufika pa nkhuku ziwiri, mpaka tinathera pa tambala mmodzi. Ndinathamangira kunyumba ndikudzitamandira chamumtima, ndipo tambala uja ndinamutenga mayi ali kumjigo.

Atamulandira, a Mukhito anandigwira dzanja mwaulemu mpaka pa ndege paja, n'kundinyamula kuti ndisuzumire. Munali mpando umodzi wokha, wa woyendetsa. Kotsalako linali thanki la feteleza.

"Abambo akowo tiwathira umu," anatero, "tikawawaze ku Chileka."

Anyamata aja anaseka mpaka wina anagwera pa matumba. Ndinalira kuti andibwezere tambala.

"Malonda atha, bwana. Mtengo mwatsitsa nokha."

Madzulo ake fungo la nkhuku yootcha linafika mpaka kumalayini.

Mayi sanandimenye, bwenzi zitandipepukira akanatero. Anayendayenda kwa abale kufuna chithandizo, ndipo pomwe bambo ankafika ku Blantyre, mwendo unali utapita kale. Anabwerako ndi ndodo ziwiri, buluku atalipinda ndi pini. Kandege kaja kakamadutsa pamwamba pa nyumba, ankandikodola ndi ndodo.

"Thamangani a bizinesi, ndege yanu ikukusiyani."

Lero ndimagulitsa kaunjika pa Boma, ndipo anzanga amati pa mtengo ndine wouma ngati mwala wa paphiri la Chambe. Sadziwa kuti ndisanayambe kukangana ndimayamba ndasuzumira kaye m'belo. Wogulitsa akamatsitsa msanga uku akumwetulira anzake, ndimadziwa kuti chomwe akugulitsacho kulibe.

Za ku Chileka ndinafunsa nditakula. Pa chokhacho a Mukhito sananame: n'pafupi ndithu, tiyi sazizira. Koma n'pafupi kwa yemwe ali ndi mpando.