Ankayeza Mabuku ndi Mizere ya Tsitsi

Inu amene munauzidwa kuti zinthu zina si zanunso chifukwa mwabereka, khalani pansi kaye. Mwana akalira muyamwitseni, koma nkhaniyi muimalize.

Mtsikana amene ndikunenayu sanalire pamene ankalandira kalata yomuchotsa sukulu. Anali ndi zaka 17, mimba ya miyezi isanu, siketi ya yunifolomu atayamba kuimanga ndi pini. Analirira pakhonde, pamene aphunzitsi oyang'anira kalabu ya zowerenga anamuthamangira n'kumutambasulira dzanja.

"Buku la kalabu lija."

"Madamu, kwangotsala masamba makumi anayi. Ndidzabweza Lolemba."

"Amenewa ndi mabuku a achinyamata. Iwe pano ndiwe ntchembere. Uziwerenga khadi la kusikelo."

Tsiku lomwelo anamuchotsanso pagulu la pafoni, pomwe a m'kalabu ankauzana za mabuku atsopano: lomwe latuluka, lomwe likubwera, wolemba amene wachedwetsa buku lake lachitatu. Kale iyeyo ndiye ankayamba kumva zonsezo n'kuuza anzake. Tsopano foni inangoti zii.

Bambo ake sanamuthamangitse ndi mawu, anangosiya kumuyang'ana. Nambala ya mwini mimba inasiya kupezeka. Amene anamutola ndi azakhali ake, mayi wa saluni ya mipando itatu, pakati pa telala ndi shopu ya matayala. Kuseri kwa saluniyo kunali kachipinda kosungiramo matawulo ndi mankhwala a tsitsi. Anasuntha makatoni n'kuyalapo matiresi.

"Mwana wa achimwene, pano si pasukulu," anatero azakhaliwo. "Pano timadyera zala. Zala zikaima, pakamwa paimanso."

Anayamba ndi kusesa tsitsi. Kenako kuchapa matawulo, kumasula mitu ya anthu, mpaka anapatsidwa mpando wa pakona kuti aziluka. Mwana atabadwa, ankamugoneka m'beseni lalikulu pansi pa tebulo la zipeso.

Koma mawu a madamu aja ankamuyabwa ngati tsitsi lolowa m'bulauzi. Ndani analamula kuti munthu akabereka asiye kufuna kudziwa mmene nkhani yathera?

Akatumidwa kukagula meshi yolukira tsitsi, ankazungulira msewu wachiwiri, komwe kunali shopu ya mabuku. Mwezi uliwonse mwini shopu ankamata pagalasi pepala la mabuku amene afika ndi amene akubwera. Mtsikanayo ankaima pamenepo, mwana kumbuyo, n'kumakopera mayinawo pa timakatoni timene timakhala m'paketi ya meshi.

"Mayi, mukugula kapena mukungotchinga galasi?" anafunsa mwini shopu tsiku lina.

"Ndikuwerenga zomwe mwamata, bambo. Mukadafuna zisawerengedwe mukadakamata kuchipinda kwanu."

Loweruka m'mawa pawailesi pankakhala pulogalamu ya mabuku a achinyamata. Ankaika kawailesi pashelefu pafupi ndi khutu, n'kumalimbana ndi phokoso la chowumitsira tsitsi. Akapeza kabandulo, anzake akuonera magule pafoni, iye ankayang'ana masamba a osindikiza mabuku. Timakatoni tija anatiboola pakona n'kutimanga pamodzi ndi ulusi wosokera tsitsi. Azakhali atationa anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Taonani Namabuku wanga! Anzako akusunga manambala a makasitomala, iwe ukusunga mayina a mapepala."

Dzinalo linamukakamira. Iye sanalikane.

Anakatenga khadi ku laibulale ya m'tauni n'kuyamba kubwereka mabuku awiriawiri. Apa m'pamene anakumana ndi vuto lenileni. Buku limafuna manja, ndipo manja ake anali ndi eni ake: usana wonse mitu ya anthu, akaweruka mwana. Katatu konse anabweza mabuku asanawatsegule. Ankawadziwa mabuku onse atsopano ngati mmene kondakitala amadziwira nyumba za m'mbali mwa msewu, kunja kokha.

Wina akadasiya pamenepo, ndipo palibe akadamunena. Iye ankangobwerekabe.

Sabata yotsegulira sukulu, pampando wake panakhala kamtsikana ka zaka 13. Aliyense amene analukapo mwana wa msinkhu umenewu akudziwa. Mutu suima. Uku kayang'ana foni, uku katembenukira pakhomo, chipeso chikangokhudza kakuti "mayo!" Mzere umodzi Namabuku anaumasula katatu. Atatopa anatulutsa buku pansi pa matawulo n'kulitula pamiyendo pa mwanayo.

"Mng'ono wanga, foniyo ikukupinda khosi. Gwira ili, uzindiwerengera mokweza."

"Anti, ine ndabwera kudzalukitsa, osati kudzalemba mayeso."

"Ukalakwitsa palibe chikwapu. Werenga."

Kanayamba monyinyirika, kakumeza mawu. Inali nkhani ya mapasa amene mmodzi anakalembera mnzake mayeso. Pofika tsamba lachitatu, Namabuku anamva chinthu m'zala zake. Khosi linafewa. Mutu unakhazikika m'manja mwake ngati dzungu pamphasa. Analuka mzere, wina, winanso, mwana osagwedezeka. Ntchito ya maola anayi inatha m'maola awiri ndi theka, ndipo iye anali atamva machaputala asanu ndi limodzi a buku limene analisilira miyezi itatu.

Kuyambira tsikulo, mwana wa sukulu aliyense wokhala pampando wa pakona ankapatsidwa buku. Wina akalekeza, wotsatira ankapitiriza pomwepo, Namabuku atamufotokozera mwachidule za m'mbuyo. Ndipo anatulukira kuti pakamwa pa mwana pamatha kunama, koma khosi silinama. Ukafunsa kuti bukuli lili bwanji, aliyense amati "lili bwino, anti." Koma zala zimadziwa pamene mutu wayamba kufunafuna foni.

Choncho anayamba kuyeza mabuku ndi mizere. Kumbuyo kwa kakatoni kalikonse ankalemba mizere imene waluka mwana asanasunthe. Panali mabuku a mizere iwiri. Panali a theka la mutu. Ndiye panali ochepa, a mutu wonse. Buku lina limene a pawailesi analitamanda masabata atatu otsatizana linapeza mizere itatu yokha, pamitu inayi yosiyana. Lija anamulanda pakhonde analipezanso ku laibulale. Masamba makumi anayi aja anamuwerengera mwana wa telala, ndipo mathero ake anali ozizira ngati tiyi wa dzulo. Anaseka yekha kuti misozi yonse ija inali ya zimenezi.

Atsikana anayamba kubwera ngakhale tsitsi lili bwinobwino. "Anti, chatuluka n'chiyani?" Iye ankayankha zala zikuyenda: ili lafika, ili alisuntha mpaka mwezi wamawa, ili musataye nalo nthawi. Mayi woyang'anira laibulale atamva za mizereyo anaseka, kenako anasiya kuseka n'kupempha kuona timakatoni tija. Mwezi wotsatira anamulola kutenga katoni ya mabuku makumi awiri, kuti azibwereketsa pasaluni n'kumadzanena kuti ndi ati a mutu wonse.

Musaganize kuti zinatha bwino pamenepo.

Lachiwiri lina munalowa mayi wina, namwino wa pachipatala chapafupi, ali mu yunifolomu. Anagwira buku ndi zala ziwiri ngati thewera lakuda. Analipeza pansi pa pilo ya mwana wake wa zaka 15. Pachikuto panali mtsikana wa sukulu ataima pafupi ndi galimoto yotsegula chitseko. Namwinoyo sanamuyang'ane n'komwe Namabuku. Analankhula ndi azakhali.

"Ine ndimatumiza mwana kudzalukitsa tsitsi, osati kudzaphunzitsidwa za amuna ndi munthu amene sukulu inamukanika. Wamaliza kuwononga moyo wake, tsopano ayambe wa ana athu? Lachisanu ndikubwera kudzakonzetsa tsitsi langa. Ndikadzapeza mabukuwa ali pano, anzanga onse a kuntchito sadzapondanso pakhomo pano."

Theka la makasitomala a saluniyo anali anamwino. Mayiyo atatuluka, azakhali anakhala pansi n'kuvula magalasi.

"Mwana wa achimwene, ndinakutola ine, koma sindifa nawe njala. Katoniyo ichoke. Ukaikakamira, utuluka nayo limodzi, iwe, mwana wako ndi matiresi ako."

Namabuku si munthu wolota masana. Anakhala pansi n'kuganiza bwinobwino komwe angapite ndi mwana wa chaka chimodzi. Kwa bambo ake kunali kotseka. Kwina kunalibe. Akadatha kubweza katoniyo ku laibulale tsiku lomwelo, zonse n'kutha. Koma anali atalandidwapo kale buku m'manja kamodzi, ali chete. Kachiwiri sanafune.

Lachisanu m'mawa namwino uja anafika. Katoni inali pomwe imakhala. Azakhali anayamba kupepesa, koma Namabuku anawadula mawu.

"Mayi, ndifunseko. Bukuli munaliwerenga?"

"Chikuto chake chandikwanira."

"Kuchipatala kuja mankhwala mumapereka poyang'ana malaya a wodwala?"

Azakhali anamutsina pamkono. Iye sanasunthe.

"Khalani pampando wangawu. Ine ndizikulukani, inu muziwerenga mokweza, aliyense azimva. Mukapezamo chonyansa, katoni ndinyamula ndekha lero lomwe, ndi matiresi omwe. Azakhali sadzavutika kundithamangitsa."

Namwinoyo anakhala, osati chifukwa chomvera, koma kuti amuchititse manyazi pamaso pa anthu. Anayamba kuwerenga ndi mawu onyoza, akukoka milomo. Khosi linali gwa ngati chitsulo. Namabuku anagawa tsitsi n'kuyamba mzere woyamba, mwana wake akusewera ndi chipeso pansi pa tebulo.

Nkhaniyo inali ya mtsikana amene bambo wina woyandikana nawo nyumba, mnzawo wa banjalo, ankamutenga pagalimoto popita kusukulu. Poyamba anali maswiti. Kenako foni. Kenako dzanja pabondo. Tsiku ndi tsiku mtsikanayo ankakonza mawu oti akauze mayi ake. Koma mayiwo ankafika atatopa ndi ntchito, ndipo asanatule n'chikwama chomwe, mawu awo oyamba ankakhala a mbale zosatsuka.

Pamzere wachinayi mawu onyoza aja anatha. Pamzere wachisanu ndi chiwiri khosi linafewa. Posakhalitsa namwinoyo anasiya kutulutsa mawu, maso okha akuthamanga patsamba.

Azakhali anazimitsa chowumitsira tsitsi. "Pitirizanitu, mayi. Mwatisiya pamsewu."

Anapitiriza, mawu ali pansipansi. Tsitsi litatha sanadziyang'ane n'komwe pagalasi. Anasamukira pabenchi ya odikirira n'kumawerengabe, dzuwa mpaka kupendeka. Patsamba lomaliza mtsikana wa m'bukumo anali ataima pakhomo la chipinda cha mayi ake, dzanja lili m'mwamba. Namwinoyo anatembenuza tsamba. Kunalibe kanthu.

"Latha chonchi? Anagogoda kapena sanagogode?"

"Zili m'buku lachiwiri, mayi."

"Lituluka liti?"

Namabuku sanayang'ane n'komwe timakatoni take. "Pa 12 mwezi wamawa. Linayenera kutuluka mwezi uno koma analisuntha. Kushopu lidzafika pakadutsa masabata awiri, ku laibulale mwina mwezi."

Mayiyo anasisita chikuto chija ndi chala. "Mwana wanga analimaliza?"

"Analisankha yekha m'katoni. Aka kanali kachiwiri kulibwereka."

Namwinoyo anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. "Ine pa 12 sindidikira ayi," anatero. "Chitseko cha mwana wanga ndikagogoda ndine."

Sanapepese. Anthu ena sapepesa, ndipo musamataye nthawi kudikira. Koma bukulo anapita nalo m'chikwama, kukalibweza pansi pa pilo pomwe analichotsa.

M'mawa mwake azakhali anakankha katoni ija ndi phazi.

"Namabuku, chinthu ichi chikundinyansa pansi apa. Makasitomala akupunthwa nacho."

Mtsikanayo anawerama kuti ainyamule, koma azakhali anapitiriza.

"Ndauza kalipentala adzakhome shelefu pamwamba pa mpando wakowo. Koma iwe, buku lachiwirilo likadzafika, usadzayambe ine kulibe."

Sindikuuzani kuti analemera, chifukwa sanalemere. Amagonabe m'kachipinda ka matawulo, ndipo msana umamuwawa ngati wina aliyense woluka tsitsi. Satifiketi alibebe, ngakhale chaka chino walembetsa kuti akalembe mayeso amene anawasiya. Koma mpando wa pakona ndi wake, denga lili pamutu pa mwana wake, ndipo m'dera lonselo mtsikana akafuna kudziwa buku limene latuluka, amadziwa khomo loyenera kulowa.

Tsono inu anzanga, mudzauzidwa kuti izi n'za ana a sukulu, izo n'za anthu ophunzira, inu zanu ndi matewera. Matewera chapani, inde, chifukwa sadzichapa okha. Koma musapemphe chilolezo kwa munthu kuti mukonde chimene mumakonda. Ngati mulibe chogulira, kaimeni pagalasi muwerenge. Ngati manja ali otangwanika, bwerekani pakamwa pa wina. Ndipo akadzakunenani ndi chinthu chimene iwo sanachitsegule n'komwe, musalire. Akokereni mpando.

Mtima musautaye. Muli nawo umodzi wokha, ndipo kamwana kali m'besenika kakuonerera mmene mukuugwirira.