Mpeni wa Khasu la Amayi

Titawoloka Ruo pothawa Apwitikizi, chinthu cha amayi chimene ndinafika nacho ku Mulanje chinali khasu lawo lokha. Iwowo tinawaika m'njira, patsinde pa mtengo umene lero sindingauloze. Khasulo linali lotha kale, lotsala ngati chikhatho cha mwana, ndiye sindinalimire. Ndinangolisomeka kudenga.

Amuna anga anali wosula. Akaweruka ku thangata kumunda wa Mzungu, ankakhala pachipala kuseri kwa nyumba, kusandutsa makasu otha kukhala mipeni. Mudzi wonse unkasendera chinangwa mipeni yawo, koma kudenga kwathu kokha n'kumene maso awo sankachokako.

"Mayi, tandipatsani khasu lija," ankatero.

"Mudzalikhudze, mudzadya chinangwa ndi makoko omwe," ndinkawayankha.

Sikunali kuuma mtima. Ndinkaona ndekha chitsulo chopyapyala chikung'aluka pochiviika m'madzi, iwo n'kukachitaya kudzala. Amayi ndinawasiya kutchire, nanga khasu lawo lipitenso kudzala? Koma dzimbiri silimva ukali wa munthu. Dzinja lina nditalitsitsa, m'mphepete munanyenyeka m'manja mwanga. Ndinalira, kenako ndinakalipereka ndekha kwa amuna anga.

Kuchipala sindinakhaleko. Ndinabwerera pakhonde, khutu lili konko. Mvukuto unkapuma, nyundo inkagogoda pang'onopang'ono, osati mmene ankamenyera makasu a eni. Dzuwa litapendeka ndinamva chitsulo chikulira m'madzi, kenako kunangoti zii. Ndinadikira kuti ndimve mapazi akulowera kudzala. Sanalowereko, koma sanandiitanenso, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

Mawa lake masana anabwera nako kampeni kakang'ono, kopindika pang'ono kumsonga.

"Khasu lonse lija n'kameneka?" ndinatero. Ine ndikachita mantha, pakamwa panga sipatuluka zabwino.

"Tagwirani kaye, mayi," anayankha mofatsa.

Ndinagwira. Chogwirira chake anachidula kumpini wa khasu lomwelo, pamalo pamene dzanja la amayi linadya mtengo mpaka kusiya kadzenje kosalala. Amuna anga sanapalepo ngakhale pang'ono. Chala changa chachikulu chinangolowa momwe munkakhala cha amayi, ngati anachiyeza.

Tsiku limenelo chinangwa anasenda ndi amuna anga, ndi mpeni wobwereka, akudandaula kuti wosula wake ndi waulesi, chonsecho anausula ndi iwo omwe. Ine ndinakhala pamphasa mpeni wanga uli m'manja, ndipo ndinakana kuutula.